Lekani kuuza alendo kuti ayambe ndi ma mod

Munthu akangonena kuti akufuna kuyamba magemu a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, akale m'masewerawa amakhala ali nalo kale yankho. Amamuuza kuti gemu yongogula kumene ndi yachabechabe, asataye nayo nthawi. Akuti ayambe waika mod yaikulu monga GWX, akweze zonse zofanizira nkhondo yeniyeni kufika pa 100, kenako ndiye atuluke padoko. Ine ndikuti langizo limeneli ndi loipa. Limathamangitsa anthu amene akanaikonda gemuyo, limadya bandulo ndi nthawi ya wophunzira, ndipo kawirikawiri wolipereka amakhala akudzionetsera yekha kuposa kuthandiza wofunsayo.

Kwa amene simunamvepo mawuwa, mod ndi mafayilo amene osewera eniake amapanga, osalipidwa, kuti asinthe gemu. Ina imangokonza maonekedwe a madzi, ina imawonjezera sitima, ndipo ina imasanduliza gemu yonse mpaka kukhala ngati yatsopano. Sindikulimbana ndi anthu opanga zinthu zimenezi, ndipo pansipa ndiwayamikira mokwanira. Mkangano wanga uli ndi alonda a pageti, aja amene asandutsa mod kukhala chiphaso cholowera.

Mwina wina afunsa kuti wophunzira mbiri ndi zolembalemba, wa m'dziko lopanda doko la kunyanja yamchere, zikumukhudza bwanji. Zikundikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ambiri a ife timasewera pa laputopu yomweyo imene timalemberapo maasayimenti, ndipo intaneti timaigula mowerengera, choncho langizo lolakwika limatipweteka m'thumba. Chachiwiri, magemuwa amanena za nkhondo imene inachitikadi, ndipo mmene timaisewerera zimasonyeza zimene tasankha kukumbukira ndi zimene tasankha kuiwala.

Kusankha gemu

Funso loyamba la mlendo limakhala loti agule iti. Akale amayankha ndi dzina la gemu imene iwo amaikonda, pomwe yankho loona limadalira kompyuta ya wofunsayo, nkhondo imene akufuna kuimvetsa, ndi kuleza mtima kwake.

Silent Hunter III inatuluka mu 2005, yopangidwa ndi nthambi ya Ubisoft ya ku Bucharest m'dziko la Romania. Mmenemo umakhala kaputeni wa U-boat ya Germany kuyambira 1939 mpaka 1945. Ukhoza kuyambira ku Kiel kapena ku Wilhelmshaven ndi kasitima kakang'ono ka mtundu wa Type II, kenako France itagwa mu 1940 n'kusamukira kumadoko monga Lorient, Brest ndi Saint-Nazaire. Ubwino wake waukulu ndi woti gemu siikukonzera nkhani. Imangokupatsa dera loti ukalondere, ndipo zimene ukumane nazo m'njira ndi mwayi wako. Ukhoza kuyenda masabata osaona kanthu, ukhozanso kugwera pakati pa mdipiti wa sitima zamalonda usiku wopanda mwezi. Popeza ndi gemu yakale, laputopu zambiri za ophunzira zimaikwanitsa.

Silent Hunter 4 ya mu 2007 imakutengera ku Pacific, m'sitima za America monga Gato ndi Balao, polimbana ndi Japan kuyambira mu December 1941. Maonekedwe ake ndi abwinoko kuposa SH3, ndipo nkhondo yake imayenda mosiyana. M'nyanja ya Atlantic woyendetsa U-boat amayamba ali mlenje n'kutsiriza ali nyama yosakidwa, pomwe ku Pacific zinthu zimayamba movuta n'kumapepukirako zaka zikamapita. Silent Hunter 5 ya mu 2010 imakulola kuyenda m'kati mwa sitima yonse ndi kucheza ndi amalinyero ako, koma ili ndi mtundu umodzi wokha wa sitima, Type VII, ndipo nkhani yake imathera mu 1943.

Palinso magemu atsopanoko. UBOAT, yopangidwa ndi Deep Water Studio ya ku Poland, inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe mu 2019 ndipo inatuluka yathunthu mu 2024. Imaika mtima pa kusamalira anthu a m'sitima, chakudya chawo, tulo tawo ndi mantha awo, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Cold Waters ya mu 2017 ndi ya nthawi ya mkangano wa America ndi Soviet Union, ndipo ndi yosavuta kuigwira ngakhale kuti nkhondo zake ndi zongopeka. Wolfpack ndi yosewera ndi anzako pa intaneti, aliyense pa ntchito yake m'sitima imodzi, choncho imafuna netiweki yosadukaduka ndi anzako osunga nthawi. Amene munakhalapo m'gulu la asayimenti mukudziwa kuti chachiwirichi n'chosowa kuposa choyambacho.

Kwa wophunzira wa laputopu yapakatikati, ine ndimati SH3 kapena SH4, ndipo aisewere mmene ilili. Apa ndi pamene akale amayamba kupukusa mitu.

Chifukwa chiyani mod isakhale poyambira

Chifukwa choyamba n'choti munthu sangayamikire kusintha kwa chinthu chimene sanachionepo. GWX, dzina lake lonse Grey Wolves Expansion, imawonjezera sitima zambirimbiri, imasintha mmene adani amakumvera ndi kukuonera, imasintha mmene sitima imawonongekera ndi mmene imamirira, ndipo imadzaza madoko amene mu gemu yoyamba anali opanda kanthu. Amene anasewerapo gemu yoyambayo amaona zonsezi n'kugwa nazo m'chikondi. Mlendo saona kanthu, chifukwa alibe chofanizira. Kwa iye ndi gemu yovuta basi. Zili ngati kupatsa munthu ndemanga ya buku asanawerenge bukulo, kenako n'kumadabwa kuti bwanji sakusangalala ndi mfundo za wolemba ndemangayo.

Chifukwa chachiwiri n'choti ma mod akuluakulu anapangidwira anthu amene gemu yoyamba inawachepera. GWX ndi NYGM za SH3, Trigger Maru Overhauled ndi Real Fleet Boat za SH4, zonsezi zinabadwa chifukwa osewera ozolowera ankafuna mdani wochenjera ndi nyanja yosakhululuka. Palibe cholakwika ndi zimenezo. Koma ganizirani munthu amene sakudziwa kuti U-boat inali sitima ya pamwamba pa madzi imene imamira pokhapokha pakafunika. Type VII inkathamanga ma knot pafupifupi 17 pamwamba pogwiritsa ntchito injini za dizilo, koma pansi pa madzi, pa mabatire, sinkafika ngakhale ma knot 8, ndipo ikathamanga choncho mabatire ankatha msanga. Mlendo amamira atangotuluka padoko poganiza kuti ndi mmene sitimazi zimayendera, n'kupezeka kuti sakufika kulikonse. Sakudziwa kuti phokoso la injini ndi la amalinyero olonga ma torpedo limamveka kwa sitima zolondera. Munthu ameneyu akufunika mdani wom'patsa mpata wolakwitsa kangapo. Mukam'ponya kwa mdani wa Trigger Maru, afa katatu kotsatizana osadziwa chimene chamupha, kenako azimitsa n'kubwerera ku mpira wa pakompyuta. Akale aja anena kuti gemuyi si ya aliyense. Zoona zake n'zoti ndi iwo amene am'thamangitsa.

SH3 ili ndi sukulu yakeyake m'katimo, yotchedwa Naval Academy, yophunzitsa kuyendetsa sitima, kuwombera mfuti ya pamwamba, kuwombera ndege, kuponya torpedo ndi kuukira mdipiti. Maphunziro amenewo ndi ulendo umodzi kapena iwiri m'chaka cha 1939, pamene sitima zamalonda zambiri zimayenda zokha zopanda zida, n'zokwanira kuti munthu agwire mutu wa nkhani. Kuthamanga sikufika.

Chifukwa chachitatu ndi cha m'thumba. Mod yaikulu ndi mafayilo olemera, nthawi zina ogawidwa zidutswazidutswa, ndipo ina imalemera kuposa gemu yeniyeniyo. Kwa munthu amene intaneti yake siitha, zimenezi si nkhani. Kwa ife amene timadikira bandulo ya usiku, ndipo magetsi akhoza kuthima fayilo ili pakati, ndi ndalama ya ndiwo imeneyo. Tsono ukamaliza kutsitsa, mavuto amakhala akuyamba kumene. Mod iliyonse imafuna gemu ya nambala yakeyake. GWX imafuna SH3 yokwezedwa kufika pa 1.4b. Ma mod ambiri a SH4 amafuna 1.5, imene imabwera ndi gawo lowonjezera la U-Boat Missions. Gemu ikayamba kudzitseka yokha, mlendo sadziwa ngati vuto ndi mod, ndi Windows, ndi laputopu, kapena ndi iyeyo. Amene anayamba wasewera gemu yosakhudzidwa amadziwa kuti inkayenda bwino, choncho amadziwa poyambira kufufuza. Winayo amathera Loweruka lonse akukonza chinthu chimene sanachionepo chikugwira ntchito.

Zimene otsutsa akunena zoona

Sindikufuna kumenya mdani wa udzu, choncho ndinene mbali imene akale ali ndi mfundo. Magemuwa anatuluka ali ndi zilema. SH3 inapangidwira masikirini akale a 1024 ndi 768, moti pa laputopu ya lero chithunzi chimatambasuka ndipo mabwalo amaoneka ngati mazira. SH4 inatuluka ndi zolakwika zambiri zimene zinatenga zigamba zingapo kuti zichepe. SH5 ndiye inafika poipa. Inatuluka yosamalizika bwino, ndipo pamwamba pa apo inkafuna kuti wosewera akhale pa intaneti nthawi zonse ngakhale akusewera yekha, pofuna kuthana ndi okopera mwakuba. Amene anavutika ndi lamulo limenelo ndi anthu amene anagula moona mtima. Lamulolo linadzachotsedwa pambuyo pake, koma gemu ina ya pakompyuta ya mndandanda umenewu yofanana ndi zitatuzi sinatulukenso. Masiku ano ambiri amene amasewera SH5 amaisewera kudzera mu mod yotchedwa The Wolves of Steel, ndipo pa gemu imeneyi ndikuvomera kuti mod ndiyo imaipatsa moyo.

Koma taonani chimene mfundo imeneyi ikutsimikizira. Ikutsimikizira kuti mlendo asayambe ndi SH5. Sikutsimikizira kuti ayambe ndi mod. Ikuonetsanso chinthu china chimene sitimachinena mokwanira, kuti makampani azolowera kugulitsa ntchito yatheka podziwa kuti anthu achikondi adzaimaliza ulele. Opanga ma mod anathera zaka akuwerenga mabuku a mbiri, kuyeza zithunzi zakale za sitima ndi kulemba ndandanda ya midipiti, osalandira tambala. Ndalama ya gemu imapita kukampani, thukuta n'kukhala la iwowa. Tikamauza aliyense kuti gemu yopanda mod ndi yosaseweredwa, tikuvomereza dongosolo limeneli ngati kuti ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Choncho tisiyanitse zinthu ziwiri zimene akale amaziphatikiza dala. Pali zigamba zokonza gemu kuti iyende pa makina a lero, monga chokonza kukula kwa sikirini. Zimenezo ikani tsiku loyamba lomwe. Ndiye pali ma mod osintha malamulo a masewero. Amenewo adikire mpaka mutakhala ndi dandaulo lanulanu. Tsiku limene mudzanene nokha kuti sitima zolonderazi n'zogona kwambiri, kapena kuti doko la Kiel likuoneka ngati manda, tsiku limenelo mwakhwima, ndipo mudzadziwa mod yoti mufunefune.

Nthawiyo ikakwana

Ikakwana nthawiyo, pali malamulo ochepa amene amapulumutsa misozi. Sungani kope ya gemu yosakhudzidwa pamalo ena, pa fulashi kapena mu foda ina, kuti zikasokonekera musatsitsenso chilichonse. Magemu akalewa amayenda bwino akaikidwa kunja kwa foda ya Program Files, kumene Windows simaletsa kusintha mafayilo. Gwiritsani ntchito kapulogalamu kotchedwa JSGME, kamene kamasunga mafayilo oyambirira musanawasinthe, ndipo kamakulolani kuika ndi kuchotsa mod popanda kuwononga gemu. Ikani mod imodzi, sewerani, muone ngati zili bwino, kenako ikani ina. Mukaika khumi nthawi imodzi gemu n'kufa, simudzadziwa mfiti ndi iti.

Ndondomeko yoikira ili ndi ntchito, chifukwa mod yobwera pambuyo imafafaniza mafayilo a yoyamba ngati zikukhudza malo amodzi, ndipo pochotsa mumayambira yomaliza kubwerera m'mbuyo. Musasakanize ma mod akuluakulu awiri. GWX ndi NYGM ndi atambala awiri, salira khola limodzi. Musasinthe mod sitima yanu ili pakati pa ulendo, dikirani ifike padoko, apo ayi gemu yanu yosungidwa ikhoza kukana kutseguka. Ndipo werengani kafayilo ka malangizo kamene wopanga mod analemba. Safunsa anadya phula.

Onani kuti zonsezi si nzeru zakuya. Munthu akhoza kuzifotokoza m'mphindi zisanu. Chimene chimazipangitsa kuoneka ngati matsenga ndi anthu amene amapindula ndi ulemu wokhala odziwa zobisika.

Bodza la 100

Tsopano nkhani ya kufanana ndi zenizeni. Mu SH3 muli mndandanda wa zinthu zimene ungayatse kapena kuzimitsa: mafuta otha, mabatire otha, mpweya wotha, ma torpedo okana kuphulika, kuletsa kamera yoonera kunja kwa sitima, kuletsa mapu kukuonetsa pamene adani ali, ndi kuwerengetsa wekha poponya torpedo. Ukayatsa zonse umafika pa 100, ndipo pali anthu amene amayankhula za nambala imeneyi ngati digiri.

Zina mwa izi n'zabwino kwambiri, ndipo mlendo aziyatse msanga. Ma torpedo okana kuphulika, mwachitsanzo, ndi mbiri yeniyeni. Mu 1940, pa nkhondo ya ku Norway, makaputeni a Germany anawombera sitima zazikulu za Britain kambirimbiri popanda chotulukapo chifukwa ma torpedo awo anali ndi zilema. A America anavutika chimodzimodzi ndi torpedo ya Mark 14, imene inkayenda mwakuya kuposa mmene yatcheredwera, nthawi zina n'kuphulika isanafike, nthawi zina n'kugunda sitima osaphulika. Akuluakulu a kumtunda ankaloza chala makaputeni, ndipo mavutowa sanathe mpaka chakumapeto kwa 1943. Munthu amene wazembera sitima kwa ola lathunthu n'kumva torpedo ikungogunda ngati mwala amamvetsa mkwiyo wa makaputeniwo kuposa mmene ndime ya m'buku ingamufotokozere.

Kuwerengetsa wekha nakonso n'kokoma ukafika msinkhu wake. Umafunika mtunda wa sitima ya mdani, liwiro lake, ndi mmene yapendekera poyerekeza ndi pamene uli. Pali kanjira kosavuta kopezera liwiro: ika chizindikiro pamapu pamene sitimayo ili, dikira mphindi 3 ndi masekondi 15, ikanso china, yeza mamita a pakati pake n'kugawa ndi 100. Ngati yayenda mamita 700, liwiro lake ndi ma knot 7. Zimatheka chifukwa knot imodzi ndi mamita 1,852 pa ola, amene ndi pafupifupi mamita 100 pa nthawi imeneyo. Ngakhale ife amene tinathawa masamu ku sekondale timakwanitsa.

Koma kunena kuti amene sachita zonsezi yekha sakusewera zenizeni ndi bodza, ndipo mbiri yomweyo ikutsutsa. Kaputeni weniweni sankagwira ntchito yekha. Type VII inkanyamula anthu oposa 40. Panali woona za njira amene ankajambula pamapu, panali womvera phokoso la m'madzi, panali mkulu wa mainjini amene ankasunga sitima pa kuya koyenera. Pa kuukira kwa usiku pamwamba pa madzi, amene ankalunjika ma torpedo anali wachiwiri kwa kaputeni, mwini wakeyo akuyang'anira zonse. Wosewera amene walola ofisala wa mu gemu kumuwerengetsera ali pafupi ndi kaputeni weniweni kuposa amene akuthamanga yekha kuchoka pa periscope kupita pamapu.

Komanso tonse, ngakhale a 100 aja, timafulumizitsa nthawi. Ulendo weniweni unkatenga masabata, ambiri mwa iwo opanda chochitika. Palibe amene amakhala pa laputopu masiku 30 akuyang'ana madzi. Palibe mod imene imabweretsa fungo la dizilo, buledi wochita nkhungu, zovala zosauma, kapena mzere wa pachimbudzi chimodzi chifukwa chinacho chadzazidwa zakudya. Ndipo ukafa umangoyambiranso. Aliyense wa ife wasankha zenizeni zimene akufuna ndi zimene sakuzifuna. Kusiyana kwake n'koti ena timavomera.

Matani ndi anthu

Apa ndi pamene mkangano wanga ukufika pamtima. Anthu amene amakangana usiku wonse za mtundu wa utoto wa U-boat mu 1941, kapena kulira kolondola kwa injini, nthawi zambiri sakhala ndi mawu pa funso loti m'sitima zimene akumizazo munali ndani. Gemu imakuyeza ndi matani. Sitima ikamira, m'buku la kaputeni mumalembedwa mtundu wake ndi kulemera kwake, ndipo ukafika padoko umalandira mendulo. Umu ndi mmenenso Karl Dönitz, mkulu wa ma U-boat, ankaionera nkhondoyo, ngati mpikisano wa matani omizidwa ndi matani omangidwa. Gemu ikatipatsa maso ake popanda kutiuza, ndipo ife n'kuwalandira osafunsa, tisanamizane kuti tikuphunzira mbiri yonse.

Ma U-boat anamiza sitima zamalonda zoposa 2,500. Amalinyero a sitima zamalonda za Britain okha amene anafa pa nkhondoyo anaposa 30,000, ndipo si onse amene anali azungu. Munali amwenye, Matchaina, Aarabu a ku Yemen, Asomali ndi anthu a kumadzulo kwa Africa, ambiri akugwira ntchito kumoto pansi penipeni pa sitima, kumene torpedo ikagunda mpata wothawa umakhala wochepa. Nkhondo imeneyi inafikanso kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1942 sitima za pansi pa madzi za Japan zinamiza sitima zamalonda mu Mozambique Channel, ndipo mu October chaka chomwecho ma U-boat anayamba kusaka kufupi ndi Cape Town. Pa 28 November 1942, U-177 inamiza sitima yotchedwa Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal, ikupita ku Durban. Anthu 858 anafa, ambiri mwa iwo Mataliyana ogwidwa pa nkhondo, anthu a mbali yomweyo ya Germany. Opulumuka anatoledwa ndi sitima ya Apwitikizi yochokera ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo.

Pa 12 February 1944, sitima ya Japan ya I-27 inamiza Khedive Ismail kufupi ndi zilumba za Maldives. Sitimayo inachokera ku Mombasa kupita ku Colombo, ndipo ambiri mwa okwera anali asilikali a kum'mawa kwa Africa. Inamira m'mphindi zochepa ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa. Nyanja imeneyo ndi yomwenso asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anawoloka popita ku Ceylon ndi ku Burma. Kwa ife, munthu wa m'sitima yowomberedwayo si mlendo. Akanatha kukhala agogo a wina mwa inu amene mukuwerenga.

Musaganize kuti kusankha SH4 n'kumenyera mbali ya America kumakutsukani m'manja. Mu August 1944, USS Bowfin inamiza Tsushima Maru, imene inanyamula ana asukulu mazanamazana othawitsidwa ku Okinawa. Pa mlandu wa Dönitz ku Nuremberg, mkulu wa asilikali a panyanja a America ku Pacific, Chester Nimitz, anapereka umboni wolemba woti nawonso ankamiza sitima zamalonda popanda chenjezo. Ndipo a m'ma U-boat eniakewo anathera momwemo. Mwa amuna pafupifupi 40,000 amene anapita kunyanja m'sitimazi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse sanabwerere. Mu May 1943 mokha Germany inataya ma U-boat pafupifupi 40. Ambiri mwa akufawo anali anyamata a msinkhu wathu, akumenyera boma limene linali kupha anthu mamiliyoni m'misasa.

Pali timamod tobwezeretsa mbendera za chipani cha Nazi zimene kampani inazisiya, ndipo otifuna amati akufuna kulondola kwa mbiri. Chabwino. Koma palinso mod ya SH3 imene imaika mabwato opulumukira pamadzi sitima ikamira, moti ukayang'ana pa periscope umaona anthu akuyandama pakati pa nyanja, kutali ndi gombe lililonse. Ngati munthu akufuna yoyambayo koma yachiwiriyo alibe nayo chidwi, ndili ndi ufulu wokayikira kuti chimene akufuna ndi mbiri. Kwa ine, mod ya mabwatoyo ikuchita ntchito imene mod iyenera kuchita. Ikubwezera m'chithunzi chinthu choona chimene gemu inachibisa.

Sindikunena kuti tisiye kusewera, kapena kuti tizilira pa sitima iliyonse ya pa sikirini. Ndimasewera, ndipo ndimasangalala torpedo ikagunda pambuyo pa kuzembera kwa ola lathunthu. Filimu ya Das Boot ya mu 1981, ya Wolfgang Petersen, imakugwira mtima ndi mantha a amalinyero popanda kukunamiza kuti nkhondo yawo inali yabwino, ndipo gemu ikhoza kuchita chimodzimodzi ngati wosewerayo akudziwa chimene akuyang'ana. Chimene ndikukana ndi kutcha munthu katswiri wa zenizeni chifukwa choti wazimitsa kamera yakunja, pomwe sanamvepo za Nova Scotia.

Choncho mnzanu wa chaka choyamba akadzakufunsani poyambira, mufunseni za laputopu yake ndi nkhondo imene ikumukoka mtima. Muuzeni agule SH3 kapena SH4, aike chigamba cha sikirini, amalize maphunziro a m'katimo, ndipo ayende maulendo atatu kapena anayi pa mlingo umene akuukwanitsa. Musam'seke akalola ofisala kumuwerengetsera. Akadzabwera yekha ndi dandaulo la chimene chikusowa mu gemu, m'patseni JSGME ndi dzina la mod yoyankha dandaulolo. Ndipo pa bandulo imene mwam'pulumutsira, muuzeni awerengeko za sitima imodzi yokha imene inamizidwa pa nyanja imene akuisakayo, ndi za anthu amene anali m'menemo.